Tobin ndi Makochi Awiri

Tobin Kinnard anali ndi chizolowezi chimene aliyense m'tauni ya Corbin Bluff ankachidziwa. Akawerama kumbuyo kwa anzake kudikira kuti mpira ufike m'manja mwake, asanakuwe mawu oyambitsira sewero, ankapotoza khosi pang'ono n'kuponya maso kumtunda, kumipando ya anthu oonerera. Sankayang'ana atsikana, sankayang'ananso bolodi ya zigoli. Ankayang'ana nkhalamba ina ya chipewa chofiira chosuluka imene inkakhala pampando wa pakati penipeni, itapinda manja pachifuwa.

Nkhalambayo inali agogo ake, a Orval Kinnard.

A Orval anayamba kuphunzitsa timu ya pa koleji ya Corbin Bluff Tobin asanabadwe. Mpira wake ndi uja wa zisoti ndi zotchingira mapewa, wogundana ngati nkhosa zamphongo. Chaka chilichonse timu yawo inkapambana masewero ambiri n'kugonja ochepa chabe, koma chikho chachikulu sichinabwerepo. Ndiye anthu olemera amene ankathandiza kolejiyo, eni malo ogulitsira magalimoto ndi eni nkhokwe za tirigu, anatopa nako kupambana wamba. Anati mpira wa a Orval ndi wachikale, wongothamanga nawo pansi ngati ng'ombe yolima, pamene anzathu akuuponya m'mwamba. Anawakonzera phwando, anawapatsa wotchi, msewu wopita kusitediyamu anautcha dzina lawo, n'kuwapatsanso mpando woti azikhalapo mpaka imfa. Umo ndi mmene amachotsera munthu kwathu kuno akakhala kuti akumuopa.

M'malo mwawo anabweretsa a Neil Garrity, bambo wachinyamata wochokera kutali kumadzulo. Anabwera ndi buku lawo la masewero atsopano komanso anyamata awo atsopano, ndipo tauni inawalandira ndi ng'oma ndi malipenga. Atangogonja katatu motsatizana, anthu omwewo anayamba kulumbira kuti iwo sanafunepo kuti nkhalamba ichoke. Mu Corbin Bluff munthu akati "Kochi" ankatanthauza a Orval. Enawo ankangotchulidwa kuti "Garrity uja".

Tobin ndiye anali woponya mpira, amene amalandira malangizo kwa kochi n'kuwapereka kwa anzake pabwalo. Osewera ena onse ankagona kuhositelo, koma iye ankakhala kwa agogo ake, kumene anakulira chikwatiwirenso mayi ake n'kusamukira kutali. Akamufunsa ankati n'kufupi ndi koleji. Zoona zake zinali zakuti nkhani yosamuka sanayerekezepo kuitchula.

Lachinayi lililonse madzulo anyamata akale a timuyo, amene anayamba kusewera nthawi ya a Orval, ankadzadya kwa a Orval. Mwambo umenewu sunathe pamene ntchito inatha. Agogo Verna, akazi awo a Orval, ankaotcha nyama ya ng'ombe, kusinja mbatatesi ndi kuphika chimanga, ndipo anyamatawo ankadya ngati akuthawa moto.

"Hollis, patse mcherewo," anatero a Orval Lachinayi limenelo.

Hollis, chimphona chimene chinkaima kutsogolo kutchinjiriza Tobin, anakankha kabotolo ka mchere. A Orval anakaimika pakati pa tebulo, n'kukazunguliza ndi tsabola, mafoloko ndi botolo la tomato sosi.

"Uyu ndi Tobin. Garrity uja akufuna mwanayu aziima apa ngati mtengo wa magetsi, mpira uli m'manja, kudikira kuti wina adzamugwetse. Ndi mpira umenewo?"

"Kochi, simunamve zina," anatero Hollis akupukuta mafuta kukamwa. "Dzana anatiuza kuti tikhale pansi, titseke maso, tizipuma mozama. Ine mpaka ndinalota ndili kwathu."

Onse anaseka. Tobin nayenso anaseka, mochedwa pang'ono.

"Bwezani mcherewo, Orval," anatero agogo Verna ali pakhomo la khitchini. "Anthu akudya zosakolera chifukwa cha mpira wanuwo."

Phokoso litachepa, Tobin anayesa mwayi. "Agogo, sabata yamawa ndingabwere ndi Dontrell?"

"Dontrell ndiye ndani?"

"Wothamanga ndi mpira uja. Uja anabwera ndi a Garrity."

"Kochi wakeyo alibe nyumba?"

Hollis anayang'ana m'mbale mwake n'kunena chapansipansi, "Mipando yatha kale, aise."

A Orval anagogoda tebulo ndi chala. "Tamvera, mnyamata. Anthu a ku Alder Plains amene mukusewera nawo Loweruka ndimawadziwa ngati thumba la malaya anga. Akapanikizika amaunjikana kumanja. Ukaona choncho undiyang'ane. Ndikagwira chipewa n'kukanda khutu, ukudziwa chochita."

"Tirigu," anatero Hollis, chimanga chili m'kamwa.

Amenewo anali mawu akale a timuyo. Woponya akakuwa kuti "Tirigu", zonse zimene mwapangana zatha. Aliyense akankhire kumanzere, ndipo wothamanga alandire mpira n'kudutsa pampata umene watseguka.

"Agogo, anyamata atsopanowo mawu amenewo sawadziwa."

"Aphunzire. Mawu amenewo anayamba kumveka pabwalo limenelo iwo asanamere mano."

M'mawa mwake, pokonzekera masewero, a Garrity anamuitanira pambali. Anali munthu wosakweza mawu, ndipo zimenezi anthu a m'tauni ankaziona ngati matenda.

"Kinnard, khosi lako lili bwino?"

"Lili bwino, Kochi."

"Ndimaona ngati lavulala. Limangopotokera kumtunda. Ine ndimaima pano, pansi pano, m'mbali mwa mzere. Ndine wamfupi koma ndimaoneka."

"Ndamva, Kochi."

Anamvadi, koma kumva sikunamuthandize. Akamvera a Garrity, kunyumba agogo ake ankadya osamulankhula. Akamvera agogo ake, pabwalo ankalephera kuyang'ana kochi wake kumaso. Pabwalo ankati "Kochi", kunyumba ankati "a Garrity", ndipo nthawi zonse ankasamala kuti lilime lisaterereke.

Loweruka masana sitediyamu inadzaza mpaka m'makwerero. Kunja kunkanunkha utsi wa nyama zimene anthu ankaotcha kumbuyo kwa magalimoto awo kuyambira m'mawa. Masewero anali ovuta, koma mpira wa m'mwamba wa a Garrity unayamba kugwira. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Corbin Bluff inali kumbuyo pang'ono chabe, ndipo inali itafika pafupi ndi mzere womaliza. Kudutsa mzerewo kunali kupambana.

A Garrity anapereka chizindikiro: mpira uponyedwe. Anyamata anaunjikana mitu pamodzi ndipo Tobin anawauza. Dontrell Ames anagwedeza mutu. Ntchito yake inali kuima kumanja kwa Tobin n'kutchinga aliyense wofuna kumugwetsa.

Anafola. Tobin anawerama, n'kuona kuti adani aunjikana kumanja, monga momwe agogo ake ananenera. Anauza khosi lake kuti likhale chete. Linapotoka lokha. Kumtunda kuja dzanja linakwera, linagwira chipewa chofiira, kenako linatsikira kukhutu.

"Tirigu!" anakuwa Tobin. "Tirigu!"

Hollis ndi anzake akale anakankhira kumanzere onse pamodzi, ndipo mpata unatsegukadi, waukulu woti galimoto n'kudutsa. Koma Dontrell sanali pamenepo. Anali chiimire kumanja, pamene anauzidwa kuti aime. Tobin anatembenuka, anamupeza ali kutali, n'kumukankhira mpira pamimba mwa njira iliyonse. Dontrell anauyang'ana modabwa. Kumanjako kunalibenso womutchinjiriza. Zimphona ziwiri za ku Alder Plains zinamufikira pamodzi, ndipo kugunda kwake kunamveka mpaka kumipando yakumtunda. Mpira unagubuduka, adani anaugwera, masewero anathera pomwepo.

Dontrell sanadzuke. Anamunyamula pamachira.

Anthu anaimirira n'kuyamba kukuwiza, koma sankakuwiza Tobin. Zikho za mapepala ndi zitsononkho za chimanga zinkagwera kumene kunaima a Garrity.

Kwathu kuno kochi akamagonja anthu samuuza pamaso kuti achoke. Amakazula zikwangwani za ogulitsa nyumba, zija zolembedwa kuti NYUMBA INO IKUGULITSIDWA, n'kukazizika pakapinga wa pakhomo pake. Lamulungu m'mawa Tobin akupita kuhositelo kukaona Dontrell, anapeza kapinga wa a Garrity atamera zikwangwani ngati munda. Eni ake anali panja atavala masilipasi, akuzula chimodzichimodzi. Pawindo panali kamtsikana kawo, mphuno katakanikiza pagalasi.

Tobin anafuna kudutsa mwakachetechete, koma anamuona.

"Kinnard. Tagwira mbali iyo, ichi anachikhomera ndi mtima wonse."

Anazula limodzi. Dothi linawagwera kumapazi.

"Kochi, dzulo lija..."

"Ndaonera kanema wa masewerowo. Ndamva zimene unakuwa. Ndaonanso kumene unayang'ana."

"Nanga bwanji mwauza atolankhani kuti sewero lija munalamula ndinu?"

A Garrity anaponya chikwangwanicho pamulu. "Ndikanati chiyani? Kuti mdzukulu wa Kochi sanandimvere? Theka la tauni likanati wachita bwino. Theka linalo likanakudya wamoyo, ndipo iwe ndiwe mwana." Anapukuta manja pathalauza. "Ndikuuze mmene zilili. Ndikakukhazika pabenchi, anthu awa sabweranso ndi zikwangwani, abwera ndi machesi. Ndikakuseweretsa, sindidziwa kuti timu imene ili pabwalo ndi ya ndani. Ndiye tandiuza iweyo, ndichite chiyani?"

Tobin anayang'ana pansi.

"Agogo ako amaudziwa mpira, mwina kuposa ine. Mpata unalipodi dzulo, ndauona. Akanandifunsa ine, ndikanati asawachotse. Koma sanandifunse, anangondiitana. Ndinagulitsa nyumba, ndinasamutsa mwana sukulu." Anayang'ana kuwindo kuja n'kukweza dzanja, kamtsikanako n'kubisala. "Pita ukamuone mnzako. Fupa la paphewa lathyoka. Chaka chino saseweranso."

Dontrell anali atakhala pabedi, mkono uli m'nsalu yokolekera m'khosi. Pambali pake panali buku la masewero la a Garrity, lotsegula.

"Mwana wa mfumu wabwera kudzaona anthu wamba," anatero. "Lowani, bwana. Pepani mpando tilibe."

"Zikupweteka?"

"Ayi, ndikungoyeserera kuti anamwino azindikonda." Anasuntha pang'ono n'kukukuta mano. "Aise, tandithandiza. Tsamba lake ndi liti?"

"Tsamba la chiyani?"

"La tirigu wakoyo. Ndatsegula buku lonseli ndi dzanja limodzi, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Amayi anayendetsa galimoto kuchokera ku Louisiana kudzandionera, ndiye ndikaime ngati chitsa pamaso pawo. Akundifunsa kuti unaiwala chiyani mwanawe, ine ndikusowa choyankha. Ndinajomba tsiku limene munkaphunzira zimenezo?"

Tobin anapukusa mutu. "Sunaiwale kanthu. M'bukumo mulibe."

"Mulibe?"

"Ndi mawu a agogo anga. Akale."

Dontrell anamuyang'ana. Kenako anatseka bukulo pang'onopang'ono. "Ndiye buku linalo amagawira kuti?"

"Kunyumba kwathu. Lachinayi."

"Oho. Kuja kunatha mipando kuja."

Tobin sanadziwe kuti mawu aja anafika mpaka kuno. Anasowa poyang'ana, maso ake n'kugwera pabedi lina la m'chipindamo. Linalibe zofunda, panali matiresi okha ndi nsapato zakutha za Dontrell.

"Limenelo ndi lako," anatero Dontrell. "Dzina lako lili pachitseko chiyambire chaka. Ine ndimaliyamika, ndimaikapo katundu." Anatambasula mwendo. "Poti wabwera, ndimangire nsapato. Amayi akundidikira pansipo, akufuna akandidyetse asanabwerere."

Tobin anagwada n'kumanga zingwezo. Dontrell sanathokoze, ndipo Tobin sanayembekeze kuti athokoze.

Atafika kunyumba anapeza galimoto yaitali yonyezimira itaima pakhomo. Pabalaza panali a Dwight Pell, mwini malo ogulitsira magalimoto, yemwe uja analankhula motalika pa phwando lotsanzikana ndi a Orval mpaka kupukuta misozi, pamene aliyense ankadziwa kuti anayambitsa zowachotsa ndi iyeyo. Lero anali atakhala kumphepete kwa mpando, chipewa chili pabondo.

"Tinalakwitsa, Kochi, ine ndikuvomera," ankatero. "Ndalankhula ndi anzanga. Garrity uja akangogonjanso kawiri, basi, ofesi yanu tikutsegulirani." Ataona Tobin anamwetulira mano onse. "Eya, nayu mwini nkhani. Ndinakumva dzulo, mnyamata. Tirigu! Mpaka ndinakumbuka masiku abwino. Iwe usasinthe kanthu. Uzingochita zimene ukuchitazo, zinazo tisiyire akuluakulu."

Tobin anayang'ana agogo ake, kudikira kuti amuthamangitse munthuyo. A Orval ankangosisita bondo, maso ali pawindo. Sanavomere, koma sanakanenso.

A Pell atapita, m'nyumbamo munatsala fungo la mafuta awo odzola.

"Agogo, Dontrell wathyoka fupa la paphewa."

"Ndamva. N'zachisoni. Mpira ndi wotero."

"Chaka chino saseweranso."

"Sewero linali lolondola," anatero a Orval. "Unauona mpatawo. Mnyamatayo anaima malo olakwika."

"Anaima pamene kochi wake anamuuza."

"Kochi wake."

"Ndi wanganso, agogo."

A Orval anatembenuka. Tobin anali asanawayankhepo chotero.

"Ukuganiza kuti n'chapafupi kukhala pampando paja?" anatero a Orval. Mawu awo sanali aukali, anali otopa. "Anandikhazika pamwamba kuti ndiziona zonse, manja atandimanga. Ndimaona mpata uli poyera, ndimaona zimene zichitike zisanachitike. Ndiye ndizingokhala ngati chithunzi cha pakhoma?"

"Sindikudziwa, agogo. Koma mwamva zimene anena a Pell. Kuti inu mubwerere, ife tigonje. Ndipo wogonjetsayo akuti ndikhale ine."

"Ine sindinakuuze kuti ugonje."

"Simunawauzenso iwo kuti atuluke."

A Orval anatambasula dzanja n'kuyatsa wailesi. Munthu wina ankaimba foni kuwailesiko, akulira kuti tauni yafa, Kochi abwerere.

Tobin anakwera kuchipinda kwake. Anakhala pabedi kanthawi, akuyang'ana makoma amene anawadziwa kuyambira ali mwana. Ankawakonda agogo ake. Ndi iwo anamuphunzitsa kugwira mpira manja ake asanakwane kuuzungulira, ndi iwo ankamudikira pageti la sukulu mvula ikugwa. Ndipo ankadziwa kuti akadya nawo patebulo limodzi sabata yonse, Loweruka likubwerali adzawamveranso, ngakhale atalumbira chotani lero.

Anakoka chikwama chachikulu pansi pa bedi. Anaikamo malaya, mathalauza, mabuku a kusukulu, nsapato zothamangira. Akulimbana ndi kabati ya masokosi, anamva kuti pakhomo paima munthu.

Agogo Verna anayang'ana chikwamacho, kenako anayang'ana iye.

"Kuhositelo?"

"Eya, agogo. Dontrell sangathe kuvala yekha. Ndiponso..."

"Sindinakufunse chifukwa." Analowa, anatulutsa malaya amene iye anangowaunjika, n'kuyamba kuwapinda bwinobwino. "Ndakhala ndi bambo amenewa moyo wanga wonse. Adzakwiya, adzasiya kudya, kenako adzamva njala. Si woyamba iwe kuwakana, woyamba ndinali ine." Anatuluka, n'kubwera ndi bulangete lochindikala ndi mapilo awiri. "Kumeneko kumazizira. Pilo winayo ukampatse mnzakoyo, azitsamiritsa mkono."

"Ndikawatsanzike?"

"Ukawatsanzike, koma usakhale pansi. Ukakhala pansi akutulutsira mafoloko."

Pansi paja wailesi inazima. Panapita kanthawi, kenako mawu a a Orval anakwera masitepe.

"Verna, mwanayo akutani kumeneko?"

"Akulongedza," anayankha agogo Verna.

Anadikira onse awiri. Pansipo sipanachokenso mawu ena. Tobin anakanikiza bulangete ndi bondo, anakoka zipi mpaka kumapeto, n'kukoleka chikwamacho paphewa.